Njovu Nazonso Zimapita ku Sikelo

Tsiku la sikelo kuno kwa Chimaliro limadziwika ndi phokoso. Amayi amayamba kusonkhana mame asanakamuke, ena atasiya makasu kumunda, ena atapempha kaye chilolezo kwa kapitawo ku esiteti ya tiyi. Mlangizi wa zaumoyo amapachika sikelo pa nthambi ya mango, ndipo mwana aliyense amalendewera pamenepo kamphindi, uku akulira ngati wina wamutsina. Mlangizi amayang'ana pamene muvi waima, n'kuika kadontho m'kabuku ka mwanayo. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Chimene iye amafuna kuona ndi mzere umene timadonthoto tikupanga mwezi ndi mwezi, ngati ukukwera, wagona, kapena wayamba kutsika.

Mwezi watha tinapeza mayi wina akutsutsana ndi mlangizi. "Mwana wangayu ali bwinobwino, akudya, akusewera ndi anzake," anatero mayiyo. Mlangizi sanakweze mawu. Anangotambasula kabuku n'kuloza ndi chala miyezi itatu yotsatizana imene mzere unali chigonere. "Mayi, inu mumakhala naye tsiku lililonse, n'chifukwa chake simukuona kusintha. Kabukuka sikamuzolowera mwana." Anamuyeza mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, ndipo kanaima pachikasu. Mwanayo anayamba kulandira thandizo asanafike potupa mapazi.

Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inanena za ndege imene inali kuwerenga nyama m'nkhalango ina ya dziko lino. Mnyamata wathu wa Fomu 3 anaseka. "Ndege yonse kuithira mafuta kuti ikawerenge njovu? Kuchipatala mankhwala akusowa, koma njovu zikuwerengedwa!" Funso lakelo si lachibwana, ndipo akuluakulu ambiri amalifunsa. Sitinamuyankhe usiku umenewo. Tikumuyankha pano, pamodzi ndi inu owerenga athu, ndipo tiyambira pa kabuku ka sikelo kaja, chifukwa ntchito ya ndegeyo ndi yofanana ndi ya mlangizi wa pansi pa mango.

Kwathu kuno kulibe njovu. Kuli tiyi, nthochi, ng'ombe za mkaka m'makola, ndi anthu: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo lokha. Koma njovu sizinali kutali nafe. Mukatsika ndi msewu wochokera pa boma kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kulowera ku Muona, chigwa cha Shire chimayalika patsogolo panu, ndipo pakati pake pali dambo lalikulu limene pamapu limatchedwa Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu. Dzinali linachokera kwa David Livingstone, amene anadutsa pamenepo mu 1859 pa sitima yake yotchedwa Ma Robert n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Nambala imeneyi ndi kadontho koyamba m'kabuku ka njovu za m'chigwa cha Shire. Kadontho kachiwiri sikanaikidwe. Malonda a minyanga anakula, mfuti zinachuluka, ndipo mlenje aliyense popha njovu yake ankaona kuti zatsala zambirimbiri. Patangopita zaka makumi ochepa, m'dambomo munatsala dzina lokha. Lero muli mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi.

Kumtunda kwa chigwa chomwecho, ku Chikwawa, kuli nkhalango ya Majete. M'zaka za m'ma 1980 munali njovu zoposa 200. Kumeneko anthu odziwa analipo ndipo ankaona kuti nambala ikutsika, koma alonda anali ochepa, pamene mfuti zankhondo zinkalowa mosavuta kuchokera ku Mozambique kumene kunali nkhondo yapachiweniweni. Pofika 1992 ku Majete kunalibe njovu ngakhale imodzi. Ku Kasungu, kumene m'zaka za m'ma 1970 kunali njovu zoposa 1,000, pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. Izi zikutikumbutsa mayi amene amapita ku sikelo mokhulupirika, mlangizi n'kumuuza kuti mzere wagwa, koma pakhomo osasintha kanthu mumphika. Kuyeza kokha sikunenepetsa mwana. Komabe popanda kuyeza, ngakhale wofuna kuthandiza sadziwa poyambira.

Phunziro lowawa kwambiri pa nkhaniyi tinalipeza kutali, kumpoto kwa dziko la Canada, kumene nthaka imakutidwa ndi chipale chofewa miyezi yambiri pachaka. Kumeneko kuli nyama yotchedwa caribou. Ndi yocheperako pang'ono pa mphalapala yathu, nyanga zake zili ndi nthambi ngati mtengo, ndipo zimamera pa zazimuna ndi zazikazi zomwe. Nyamazi zimakhala m'magulu a masauzande ambiri. Chaka chilichonse zimayenda makilomita mazanamazana kupita kumalo amene zimaberekera, kenako n'kubwerera kumene zimakhala nyengo yozizira, zikufukula ndere pansi pa chipale ndi ziboda zawo. Mitundu ya anthu a kumeneko, monga Innu ndi Inuit, yakhala ikudalira nyamazi pa ndiwo, zovala ndi miyambo, monga momwe anthu a kunyanja amadalirira usipa ndi chambo.

Gulu lina, limene limatchedwa ndi dzina la mtsinje wa George River m'zigawo za Quebec ndi Labrador, linali limodzi mwa magulu aakulu kwambiri padziko lonse. Cha m'ma 1993 linali ndi nyama pafupifupi 800,000. Mu 2001 anawerenganso n'kupeza 385,000. Kenako panadutsa zaka zisanu ndi zinayi popanda kuwerenga kwathunthu, uku kusaka kukupitirira. Atawerenga mu 2010 anapeza 74,000 zokha. Mu 2013 boma la chigawo cha Newfoundland and Labrador linaletsa kusaka gululi, koma pofika 2018 zinali zitatsika kufika pa 5,500. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo zimene zinakumana: msipu unali utaonongeka chifukwa nyamazo zinachuluka kwambiri poyamba, ana ambiri ankafa asanakule, panali zilombo zolusa, kusintha kwa nyengo, komanso alenje. Ife chimene chatigwira mtima ndi zaka zisanu ndi zinayi zija. Gulu la nyama 200,000 likamadutsa pamaso pa munthu limaoneka losatha chimodzimodzi la 400,000, ndipo diso silingathe kusiyanitsa. Kuyambira 2010 gululi lakhala likuwerengedwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse.

Kawerengedwe kake n'kochititsa chidwi. Mu Julayi kukafunda, udzudzu ndi ntchentche zoluma zimazunza caribou mpaka zimaunjikana thithithi pamalo amene pakuomba mphepo. Zina mwa izo zimakhala zitavekedwa kale malamba a m'khosi otumiza uthenga wa pamene zili, choncho ndege imalondola malambawo n'kujambula gulu lililonse kuchokera m'mwamba. Kenako anthu amakhala pansi n'kuwerenga mitu pazithunzipo. Nyengo yozizira ikamayandikira amapitanso kukaona kuti pa zazikazi 100 zilizonse pali ana angati amoyo. M'madera ena a kumpotoko alenje eniake ndiwo amathandiza kuyeza thanzi la gulu: akapha nyama ya ndiwo amayeza kuchindikala kwa mafuta a pamsana, n'kutumiza chibwano, impso ndi fupa la mwendo kwa madokotala a zinyama. Mano amanena zaka, mafuta a m'fupa amanena ngati nyamayo inali kukhuta. Nthumwi za midzi yawo zimakhalanso m'mabungwe amene amakambirana kuti chaka chino pasakidwe nyama zingati.

Njovu zathu siziunjikana chifukwa cha udzudzu, choncho njira yake ndi ina. Kuwerenga kumachitika m'chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala, masamba atayoyoka ndipo nyama zikuyandikira madzi. Kandege kakang'ono kamauluka motsika, mamita pafupifupi 90 kuchokera pansi, kakutsata mizere yowongoka imene inajambulidwa kale pamapu ngati mizere ya m'munda. Anthu awiri amakhala kumbuyo, wina kuyang'ana kumanja wina kumanzere, ndipo aliyense amawerenga nyama zokhazo zimene zikuoneka pakati pa timitengo tiwiri tomangidwa pansi pa phiko. Njovu ikaoneka kunja kwa timitengoto, ngakhale ikhale ya minyanga yokongola bwanji, sailemba. Akatero amadziwa kukula kwa malo amene aona, ndipo masamu amawathandiza kuyerekeza nkhalango yonse. Ndi nzeru yomwe ija ya mlimi amene amawerenga chimanga cha m'mizere khumi kuti adziwe matumba amene atuluke m'munda wonse. M'nkhalango zazing'ono ngati Liwonde ndi Majete amatha kuuluka paliponse ndi helikopita n'kuwerenga imodziimodzi.

Samawerenga zamoyo zokha. Amawerenganso mitembo ndi mafupa oyera amene akuoneka pansi. Pa kalembera wamkulu wa njovu za mu Africa wotchedwa Great Elephant Census, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anawerenga m'maiko 18, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo anapeza njovu 352,271. Anapezanso kuti pakati pa 2007 ndi 2014 chiwerengero chinatsika ndi magawo 30 pa 100 alionse. Muyezo umene ankagwiritsa ntchito ndi wakuti mitembo ikapitirira 8 pa njovu 100 zilizonse, zamoyo ndi zakufa pamodzi, ndiye kuti gululo likutha. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo imabereka kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu. Gulu limene lataya theka lake m'zaka zitatu lingafune zaka zoposa khumi kuti libwerere pamene linali, ngakhale kupha kutalekeratu lero. Za mafuta a ndege zija, mnyamata wathu adziwe kuti kalembera ameneyu analipiridwa ndi munthu wolemera wa ku America, Paul Allen, ndipo ntchito zambiri zotere m'nkhalango zathu zimayendera ndalama za mabungwe akunja ndi za alendo odzaona nyama, osati za m'thumba la mankhwala.

Ndege imabwera kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri. Masiku ena onse ntchito imagwiridwa ndi alonda oyenda pansi, aja timawatchula kuti a gemu, komanso malamba a m'khosi. Kuveka njovu lamba si masewera. Dokotala wa zinyama amailasa ndi jakisoni wogonetsa ali m'helikopita. Ikagwa, anzake amathamangira kukaika kamtengo pakamwa pa chitamba kuti mpweya uzidutsa, amaphimba diso ndi khutu lake lomwe, ndipo amaithira madzi kuti isatenthedwe. Ikagwa chogwada, chifuwa chili pansi, amayenera kuigudubuza msanga kuti igone chammbali, chifukwa kulemera kwake kungailepheretse kupuma. M'mphindi zochepa zimenezo amatenga magazi, amayeza msinkhu ndi minyanga, amatsuka bala ngati inakodwapo mumsampha wa waya, amamanga lamba, kenako n'kubaya mankhwala oidzutsa. Kawirikawiri amasankha njovu yaikazi yaikulu, chifukwa banja la njovu limatsogoleredwa ndi gogo wamkazi, ndipo kumene iye wapita ndi kumenenso apita ana ake, adzukulu ndi achemwali ake. Mwana wamwamuna akakula amachoka m'banjamo. Ife a kuno, amene timadziwa chikamwini, sitidabwa nazo zimenezi. Lamba mmodzi amanena za banja lonse. Zazimuna zikuluzikulu, zimene zimayenda zokha ndiponso ndizo zimakonda kuthyola mipanda, nazonso zimavekedwa.

Lambayo amatumiza uthenga kudzera pa satelayiti maola angapo alionse, ndipo pa kompyuta ya mu ofesi pamaoneka kadontho koyenda. Kadonthoko kakaima malo amodzi tsiku lonse, alonda amathamangirako, chifukwa mwina njovuyo yadwala, yakodwa kapena yaphedwa. Kakayandikira minda ya anthu, uthenga ungathe kufika kumudzi njovu zisanafike. Pakatha chaka timadonthoto timajambula njira zimene njovu zimadutsa: kumene zimamwa m'chilimwe, kumene zimapita mvula ikagwa, ndi pamene zimaoloka malire a dziko, amene izo siziwadziwa.

Thanzi la njovu limaonekanso ndi maso kwa wodziwa kuyang'ana. Yowonda imalowa m'mbali mwa mutu pamwamba pa maso, msana umatuluka ngati mtanda wa denga, mafupa a m'chiuno n'kuonekera. Ndowe nazo zimalankhula: kukula kwa chibulumwa chimodzi kumasonyeza msinkhu wa njovu, ndipo akaziyeza amapeza njoka za m'mimba ndi zizindikiro zoti nyamayo ikukhala mwamantha.

Apa ndi pamene nkhaniyi imalowa m'khitchini mwathu. Chakumapeto kwa 2018 alonda a ku Liwonde anayamba kupeza mvuu zakufa zikuyandama mu Shire. Zinafa zoposa 40, ndipo atayeza anapeza kuti ndi matenda a anthrax. Popeza panali anthu oyendera mtsinjewo n'kumawerenga mitembo, boma linachenjeza midzi yozungulira kuti isadye kapena kugula nyamayo. Ku Chama, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, mu 2011 zinthu sizinayende choncho. Mvuu zinafa, anthu amene anali pa njala anasenda n'kugawana nyama, ndipo oposa 500 anadwala, asanu n'kumwalira.

Kachilombo ka anthrax kamatha kukhala m'dothi zaka makumi ambiri. Kamapeza mpata makamaka m'chilimwe, madzi akaphwa ndipo nyama zikudya udzu wapansi pamodzi ndi fumbi. Sikasankha kuti iyi ndi mvuu, iyi ndi ng'ombe ya mkaka kapena mbuzi. Chiweto chimafa mwadzidzidzi, chimatupa msanga, ndipo nthawi zambiri pamphuno, pakamwa ndi kumbuyo pamatuluka magazi akuda osagwirana. Chiweto chotere tisachisende, tisachitumbule, tisapatse agalu, ndipo tisagulitse nyama yake motchipa kwa anansi athu. Tiitane mlangizi wa ziweto. Munthu amene wakhudza nyama yotere n'kutuluka chilonda chosapweteka kwenikweni, chakuda pakati ngati khala, chotupa m'mbali, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo akanene chimene anagwira, chifukwa mankhwala alipo ndipo amagwira bwino ntchito akayambidwa msanga. M'makomo mwathu ambiri tinakula tikudziwa kuti mvuu si chakudya ndiponso kuti nyama yofa yokha sidyedwa. Koma ng'ombe ikafa m'khola, ndalama zonse zimene inadya zimabwera m'mutu, ndipo mayesero oti tipulumutseko kangachepe amakula ngakhale kwa ife.

Alimi a mkaka a kuno amadziwanso kuti matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, misika ya ng'ombe imatsekedwa ndipo ziweto siziloledwa kutuluka m'chigwamo. Njati zimatha kusunga kachilombo ka matendawa osaoneka kudwala, n'kupatsira ng'ombe pamene zakumana pa madzi kapena pa msipu. Kudziwa kuti njati zilipo zingati ndi kumene zikumwera kumateteza chigubu cha mkaka cha mayi wa ku Goliati amene sanaonepo njati chibadwire.

Nanga malo amene nyamazo zimakhalamo? Njovu yaikulu imadya chakudya chofika makilogalamu 150 patsiku ndipo imamwa malita oposa 100. Kale gulu likadya mbali ina linkasamuka, mitengo n'kuphukanso. Lero njira zambiri zakalezo ndi midzi, minda ndi misewu, ndipo nkhalango zina zazingidwa ndi mipanda ya magetsi. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa Majete mu 2003, linabweretsamo njovu zochokera ku Liwonde kuyambira 2006, ndipo mu 2009 munalowanso zina 83 zochokera ku Phirilongwe ku Mangochi, kumene zinkalimbana ndi anthu. Zinaswana bwino. Ku Liwonde, nkhalango ya masikweya kilomita 548 okha, njovu zinafika pafupifupi 800, ndipo oyendera nkhalangoyo ankapeza milambe yosendedwa, mitengo yothyoka ndi mipanda yogwetsedwa. Uku mzere wa m'kabuku unakwera kupitirira muyezo. N'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017 njovu 520 zinanyamulidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, kumene zinali zitatsala zosakwana 100, ndipo 34 ku Nyika. Ulendo umene kale njovu zinkadziyendera zokha posaka msipu, lero ukuyendedwa pa lole.

Mu Julayi 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ntchito imene inagwiridwa ndi dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi African Parks ndi bungwe la IFAW. Papepala nambala zinali bwino: Liwonde yapepukidwa, ndipo Kasungu, imene ndi yaikulu kanayi, yadzazidwanso. Koma Kasungu ili m'malire. Njovu za kumeneko zimadutsa kupita ku Zambia, kulowera ku nkhalango ya Lukusuzi, ndipo maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 loti malo amenewo azisamalidwa mogwirizana. Pakati pa nkhalango ziwirizo pali midzi ndi minda. Pamene njovu zinkafika, mpanda wa mbali ya Malawi unali usanathe, ndipo mbali ya Zambia kunalibe mpanda. Kuyambira pamenepo anthu afa mbali zonse ziwiri za malire, nkhokwe zagumulidwa, minda ya chimanga yadyedwa usiku umodzi. Ena mwa okhudzidwa anakatula dandaulo lawo kwa maloya a ku London, ndipo IFAW ikukana kuti inalakwa. Malamulo a dziko lino sapereka chipepeso kwa munthu amene njovu yamuonongera munda.

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu, ndipo n'zoona kuti wofuna njovu adziwe kuti njovu imadya. Koma matopewo sakugwera amene analira mvula. Akugwera mayi wa m'mudzi wa m'malire amene sanaitane njovuzo. Ife tikuona kuti kabuku kamene kamalemba njovu zobadwa ndi zakufa, koma osalemba minda yodyedwa, ana amene akuchedwa kusukulu chifukwa choopa kutuluka m'mawa, ndi maliro, n'kosakwanira. Lamba akauza ofesi pamene njovu ili koma uthengawo osafika kwa nyakwawa, ntchito yangogwiridwa theka. Pamenepa mnyamata wathu wa Fomu 3 ali ndi mfundo, ngakhale kuti iye ankanena za mafuta a ndege. Mpando umene alenje a ku Canada aja ali nawo pa kuyeza ndi pa kugamula, anthu a kwa Chulu ndi a ku Lumezi akuyenera kukhala nawonso.

Tibwerere kwathu. Nafenso tili ndi zoti tiziwerenga, ngakhale zilibe chitamba. Pali kambalame kakang'ono kofiirira kumsana, koyera kukhosi, kamene m'mabuku a mbalame padziko lonse kamatchedwa Thyolo alethe, potengera dzina la phiri lathu. Kamakhala pansi pa nkhalango yowirira, kakutsatira linthumbu n'kumatola tizilombo timene likuvumbulutsa, ndipo kamapezeka m'mapiri ochepa okha a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wa mbalame Françoise Dowsett-Lemaire anayenda m'nkhalango za m'mapiri a dziko lino akulemba zimene anapeza, choncho kadontho koyamba tili nako. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda. Sitikuloza chala munthu. Tikuidziwa njala ya malo imene ili m'boma lino, mmene nthaka yambiri yabwino ili m'maesiteti. Zimene zatsala ndi tizigawo ta nkhalango m'makhwawa a maesiteti monga Satemwa. Kambalameko kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yakutha, ndipo nkhalango imene kanataya ndi yomweyo imene inkasunga akasupe ndi kugwira dothi. Amene anaona madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuwafotokozera ntchito ya mizu.

Palinso anamzeze. Ena ndi a konkuno chaka chonse, koma ambiri amene amadzaza mawaya a magetsi mvula ikayandikira amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo amafika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Tinadziwa zimenezi chifukwa anthu ena anaveka timphete ta manambala m'miyendo ya mbalamezi, ndipo ena kutali anazitola n'kubweza uthenga. Umenewu ndiye msambi wathu woyendayenda, ndipo umadutsa pamwamba pa denga lililonse la kwa Chimaliro popanda woulemba.

Tamugulira mnyamata uja kope pa golosale ya pa Goliati. Patsamba loyamba walemba mayina a akasupe atatu amene banja lathu limatungako madzi, ndipo Sande yoyamba ya mwezi uliwonse aziyeza kuti ndowa ya malita 20 ikudzaza m'mphindi zingati pa kasupe aliyense. Tsamba lachiwiri likudikira tsiku limene adzaone anamzeze oyamba pa waya wa pafupi ndi sukulu, ndi kuti alipo angati pakati pa mapolo awiri omwewo. Agogo ake amuuza mayina a mitengo isanu ndi iwiri imene inali m'khwawa la kuseri kwa nyumba iwo ali mtsikana, ndipo iye wapezamo iwiri yokha, mkuyu ndi mbawa. Anafunsa ngati makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, aja amathandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, angafune manambala akewo, ndipo tamuuza kuti akafunse aphunzitsi Lolemba. Kasupe woyamba, wa pansi pa nsungwi, anadzaza ndowa m'mphindi zinayi ndi theka.